Makalata Atatu M'denga la Ezekieli

Chaka cha 1926, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, Filimoni anauza amayi ake kuti akupita ku Halale kukafuna ntchito.

"Amayi, ndadikira chaka chathunthu," anatero. "Mayeso ndinakhoza, aphunzitsi anandiuza okha. Koma ku Mwalawoyera sanandiitane. Anzanga akunyamuka mwezi wamawa, ndipo ine ndipita nawo."

Ku Mwalawoyera kunali sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ulendo wa masiku awiri kuchokera m'mudzi mwawo mwa Kamphasa, kufupi ndi Mkaika. Filimoni ankalota za sukuluyo kuyambira ali wamng'ono. Koma tsopano anali atamanga kale katundu wake: bulangete limodzi, malaya awiri ndi buku la nyimbo.

Yunesi, mayi ake, anali wamasiye. Mwamuna wake anatengedwa pa nkhondo ya Ajeremani kukasenza katundu wa asilikali, ndipo sanabwerenso. Mwana anali mmodzi yekhayu. Mayiyo ankadziwa bwino za anyamata opita ku Halale, kuti ena amabwera ndi njinga, ena sabwera n'komwe. Anangodzuka n'kupita kwa mlongo wake Ezekieli, pakuti nkhani ya mwana ndi ya atsibweni ake.

Ezekieli Mbewe anali mkulu wa mpingo, munthu waulemu wake, wosaba ngakhale dzungu la m'munda mwa mnzake. Koma anali ndi chinsinsi chimene ngakhale mkazi wake sankachidziwa. Zaka zitatu zotsatizana, nthawi yokolola ikakwana, munthu ankabwera ndi kalata yomata, ya chidindo chofiira, yolembera akulu a mudzi wa Kamphasa. Ezekieli ankailandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Mlendoyo akangotembenuka, iye ankakwera pamtondo n'kuisomeka m'udzu wa denga osaitsegula. Kalata yotsiriza ya chidindo imene inawerengedwa m'mudzimo ndi imene inatenga mlamu wake ndi amuna ena asanu ndi mmodzi. Iye anati mumtima mwake, kalata yosatsegula siluma.

"Alongo anga, mwana akupita," anatero Yunesi atakhala pansi. "Chitanipo kanthu."

Ezekieli anaganiza nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pamene padutsira mbewa.

"Ndaona pamene tinalakwa, Nambewe. Kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja. Sukulu ija ili ndi mwini wake, ndipo ife sitinamuonekere. Midzi ina imapita ndi kanthu, ana awo n'kulowa. Ife tangokhala phee ngati kuti malo adzatitsata okha."

"Nanga tipita ndi chiyani?"

Onse awiri anayang'ana kukhola. Kunali mbuzi imodzi yaikazi, yabere, chuma chokhacho chimene mwamuna wa Yunesi anasiya. Mayiyo anaimasula yekha n'kupereka chingwe m'manja mwa mlongo wake. Misozi inali m'maso, koma sanazengereze.

Ulendo wa masiku awiri ndi mbuzi yabere si ulendo, ndi chilango. Mbuziyo inkaima pa chitsamba chilichonse, ndipo Ezekieli anafika ku Mwalawoyera mawu atasasa ndi kuikalipira. Koma atakwera kachitunda komaliza n'kuyang'ana kutsogolo, anaiwala kutopa konse.

Anali asanaonepo chinthu chotere. Nyumba za njerwa zofiira zinali zitandandalika mowongoka ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Mazenera ake anali agalasi, ndipo dzuwa linkawala mmenemo mpaka maso kuwawa. Belu lalikulu linalira, anyamata oposa makumi asanu n'kutuluka m'nyumba imodzi kulowa ina popanda wowakalipira. Ena anali kucheka matabwa pansi pa mtengo. Kudzera pakhomo lina anaona chipinda chodzaza mabuku kuyambira pansi mpaka kudenga. Iye ankadziwa mabuku awiri okha padziko lapansi, Baibulo ndi la nyimbo, ndipo sankadziwa kuti anthu analemba ena ochuluka chonchi. Anagwada n'kuomba m'manja, ngakhale panalibe munthu womuyankha.

Womuyankha anachokera kumbuyo, kunkhokwe. Anali bambo wamtali wa imvi pang'ono, pensulo ili pakhutu.

"Takulandirani, bambo. Ine ndine Solomoni Tembo, kwathu ndi ku Sinda. Ndine mlembi wa bungwe la sukulu ino. Tikuthandizeni chiyani?"

"Zikomo, a Tembo. Ine ndine Ezekieli Mbewe wa kwa Kamphasa. Ndabwera kudzaonekera kwa mwini wake wa sukulu. Ndabweretsa kambuzi aka kuti akumbukire muphwa wanga Filimoni."

Solomoni anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana mwini wake, ndipo anamwetulira mosanyoza.

"Mwini wake mwamupeza, a Mbewe. Mmodzi mwa iwo ndi amene wagwira chingwe cha mbuziyo."

Ezekieli anacheuka kuti aone ngati pali wina kumbuyo kwake. Panalibe.

"Tiyeni muone," anatero Solomoni.

Anapita naye kunkhokwe. Zinali nkhokwe makumi awiri ndi zinayi, zazikulu zoti munthu angagonemo ndi banja lake, ndipo pa iliyonse panapachikidwa kathabwa kolembedwa dzina la mudzi. Solomoni anaima pa ina.

"Iyi ndi ya Kamphasa. Madengu khumi ndi awiri chaka chilichonse, osaphonya. Mudzi wanu ndi wokhulupirika."

Ezekieli anagwira nkhokweyo ndi dzanja. Chimangacho ankachidziwa, chifukwa ndi iye amene ankachisonkhanitsa pakhomo la tchalitchi n'kuchipereka kwa onyamula.

"Ife tinkati ndi mtulo wa mzungu," anatero motsitsa mawu.

"Ndi chakudya cha ana anu. Taonani chingwe chili m'manja mwanucho. Mwachipota ndi luzi zingati?"

"Zitatu."

"Sukulu ino nayonso yapotedwa ndi luzi zitatu. Loyamba ndi midzi, imene imapereka chimanga, njerwa ndi udzu. Lachiwiri ndi chopereka cha mipingo, chimene chimagula mabuku ndi mankhwala. Lachitatu ndi ndalama za boma zolipira aphunzitsi, ndipo ndalamazo ndi gawo la msonkho umene inu ndi ine timakhoma. Luzi limodzi likaduka, mbuzi yathawa."

"Mukuti msonkho uja umabwerera?" anafunsa Ezekieli. Zaka zonsezo iye ankaona msonkho ngati madzi othira pamchenga.

"Wina umabwerera, ndipo ndi chifukwa chake tiyenera kukhala maso kuti ubwerere pamalo pake. Bwerani kuno."

Anamangirira mbuzi pamtengo n'kulowa m'nyumba yaitali, yozizira bwino. Munalibe mpando wachifumu. Munali mipando yosema yofanana msinkhu, yoikidwa mozungulira, ndipo uliwonse unali ndi dzina lozokotedwa pambali. Solomoni anayenda akuwerenga. Iyi ndi ya midzi ya ku Sinda, iyi ya ku Vubwi kumalire, uwu wa mkulu wa sukulu, uwu wa munthu wa boma. Ezekieli anayang'anitsitsa mpando wa mkulu wa sukulu, amene anamva kuti ndi mzungu, ndipo anapeza kuti sunali wautali kuposa inzake ngakhale ndi chala chimodzi.

"Muno ndi mmene bungwe limakumana kamodzi pachaka," anatero Solomoni. "Limamva mmene chuma chayendera, limagwirizana zoti zimangidwe, ndipo limasankha ophunzira atsopano. Munthu mmodzi sangalowetse mwana pasukulu ino, ngakhale mkulu wa sukulu amene."

Anafika pakona. Panali mpando umene kangaude anali atayalapo ulusi wake, fumbi lili mbuu. Mipando ina yonse inali yosalala ndi kukhalidwa, koma uwu unali ukadali ndi zipsera za sompho.

"Uwu ndi wa Kamphasa. Sunakhalidwepo chiusemereni. Dzina la Filimoni tinaliona chaka chatha, ndipo anakhoza bwino kuposa ambiri. Koma lamulo la bungwe likuti mudzi uyenera kutuma munthu wake kudzalonjeza kuti mwanayo akamaliza adzamulandira, adzamumangira nyumba, ndipo adzatumiza ana kuti awaphunzitse. Tinaitana dzina la Kamphasa katatu, palibe anayankha. Tinakulemberani makalata atatu. Kodi sanafike?"

 Ezekieli anakhala pansi, padothi, pafupi ndi mpando wafumbi uja.

"Anafika, a Tembo. Ali m'denga mwanga. Sindinawatsegule."

Anafotokoza zonse, za mlamu wake, za chidindo chofiira, za amuna amene sanabwerenso. Solomoni anamvetsera osamudula mawu. 

"Mkulu wanga nayenso anapita ndi kalata yotero," anatero. "Sindikusekani. Koma safunsa anadya phula, a Mbewe. Si chidindo chilichonse chimadya anthu. Bungwe likumana masiku asanu ndi limodzi kuchokera lero."

"Ndiye ndingodikira pompano, tsikulo ndikhale pampandopo."

"Ayi. Mpandowu si wanu, ndi wa mudzi. Wokhalapo ayenera kusankhidwa ndi anthu a kwa Kamphasa, poyera. Mukawauze zonse, asankhe okha."

"Nanga mbuziyi?"

"Bwererani nayo. Ndikanailandira, ine ntchito ikanandithera lero, ndipo dzina la Filimoni likanafufutidwa m'buku. Malo a pasukulu ino sagulidwa, chifukwa munalipira kale nonse ndi makasu anu."

Pobwerera Ezekieli sanaikalipire mbuzi ija. Anali ndi zomukwanira m'mutu. Kutsika m'maso mwa anthu ali mkulu wa mpingo kunali kowawa kuposa minga ya m'njira, ndipo kawiri konse anaganiza zongonena kuti makalatawo anasochera. Koma ankati akatseka maso ankaona mpando wafumbi uja.

Lamulungu, mapemphero atatha, anapempha anthu kuti asabalalike. Onse anakhala pansi pa mkuyu wa pabwalo. Iye anatulutsa makalata atatu akuda bii ndi utsi, imodzi itadyedwa pakona ndi mphemvu, n'kuwapereka kwa Filimoni.

"Tsegula, muphwa wanga. Uwerenge mokweza."

Filimoni anawerenga. Makalata onse atatu ankanena chinthu chimodzi: mudzi wa Kamphasa ukupemphedwa kusankha munthu wokakhala m'bungwe la sukulu yake ya ku Mwalawoyera. Mawu akuti "sukulu yake" anawawerenga kawiri, ngati kuti sakukhulupirira maso ake. Kenako anayang'ana atsibweni ake. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka Ezekieli kuposa kutukwanidwa.

Woyamba kulankhula anali Dinnah, mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi. Mwana wake Lazarus anakhoza mayeso omwewo zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo atatopa ndi kudikira anapita kumigodi ya malasha.

"A Mbewe, mwana wanga akukumba pansi pa nthaka lero chifukwa cha udzu wa denga lanu," anatero.  "Munaopa nokha, munaganiza nokha, munabisa nokha. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mukanafunsa ngakhale mwana wa sukulu."

"Ndalakwa, mayi," anayankha Ezekieli. "Ndinkati ndikuteteza ana athu, koma ndi ine ndawapirikitsa. Ndilibe chodzikanira."

Anthu anang'ung'udza nthawi yaitali. Ena anati asankhe mphunzitsi, koma mphunzitsiyo anali mlendo wobwera chaka chomwecho, ndipo anakana yekha kuti mpandowo ndi wa eni mudzi. Ena anatchula mayina a amuna amene sankafuna n'komwe kuyenda masiku awiri. Pomaliza Dinnah anaimiriranso.

"Apite yemweyu. Njira akuidziwa, manyazi wawalawa, ndipo munthu amene wapsa ndi moto sauseweretsanso. Koma apite kwa chaka chimodzi chokha, tione. Akabwera adzatiuze chilichonse pansi pa mtengo uno. Ndipo kuyambira lero, kalata ikafika m'mudzi muno, itsegulidwe pamaso pa tonse."

Anthu anavomereza poomba m'manja. Analonjezanso kuti Filimoni akadzamaliza adzamumangira nyumba pafupi ndi tchalitchi ndi kumulimira munda.

Ezekieli anafika ku Mwalawoyera m'mawa wa tsiku la msonkhano, mapazi atatupa. Asanakhale, anavula malaya ake a Lamulungu n'kupukuta nawo mpando wa Kamphasa mpaka dzina linaoneka bwino. Anthu anamuyang'ana, koma palibe anaseka.

Zimene anaona tsikulo anazikamba mpaka ukalamba wake. Solomoni anawerenga madengu a chimanga amene mudzi uliwonse unapereka, ndalama zimene zinachokera ku mipingo ndi ku boma, ndi zonse zimene zinagulidwa. Atamaliza, munthu wina wamfupi wopanda nsapato anaimirira. Anali Josephat, mlimi wa ku Vubwi.

"Pepani, ine sukulu sindinapiteko, koma madengu ndimawerenga," anatero. "Mwati analowa mazana atatu, ndipo ana anadya mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi. Makumi anayi enawo ali kuti?"

 Ezekieli anayembekezera kuti munthuyo atulutsidwa ndi chikoti. Koma mkulu wa sukulu, mzungu wandevu zake, anaimirira n'kuyankha m'Chichewa kuti madengu makumi atatu anasinthanitsidwa ndi mchere ndi nyemba, ndipo khumi anawonongeka ndi anankafumbwe chifukwa denga la nkhokwe ina linkadontha. Josephat sanakhutire ndi mawu okha. Bungwe linatuma anthu atatu kukaona nkhokweyo, ndipo anabwera n'kutsimikiza. Anagwirizana kuti midzi ya pafupi ifolere mvula isanagwe.

Kenako mayi wina wa ku Sinda anafunsa munthu wa boma chifukwa chake ndalama za aphunzitsi zinachedwa miyezi iwiri. Nayenso anaimirira n'kuyankha, ndipo Solomoni analemba lonjezo lake m'buku. Ezekieli anangogwira pakamwa. Chibadwire anali asanaonepo munthu wa khasu akufunsa, munthu wa nsapato n'kuimirira kuti ayankhe.

Dzuwa litapendeka anafika pa mayina a ophunzira. Malo analipo khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo okhoza mayeso anali makumi atatu. Solomoni anaitana mudzi ndi mudzi.

"Kamphasa."

"Tilipo," anayankha Ezekieli, ndipo mawu ake anamveka mokweza kuposa mmene anafunira.

Anaimirira n'kupereka lonjezo la mudzi, la nyumba, la munda, ndi la ana oti adzaphunzitsidwe. Atati akhale pansi, Solomoni anakweza dzanja.

"A Mbewe, Filimoni ndi ndani wanu?"

"Ndi mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye lamulo likuti mutuluke panja mpaka titamaliza kukambirana dzina lake. Munthu saweruza mlandu wa m'nyumba mwake."

Ezekieli anatuluka. Masiku asanu ndi limodzi akuyenda, manyazi a pansi pa mkuyu, zonsezo, ndipo pa mphindi imene ankaifunitsitsa anali kunja kwa chitseko. Poyamba mtima unamuwawa. Kenako anaona Josephat uja nayenso akutulutsidwa chifukwa cha mdzukulu wake, ndipo anamvetsa kuti chitseko chomwecho ndi chimene chimateteza mwana wa wamasiye kwa mwana wa munthu wa ng'ombe. Anaima pansi pa mtengo umene anamangirirapo mbuzi ija, akupemphera chamumtima.

Chitseko chinatseguka. Solomoni anatuluka, pensulo ili pakhutu.

"Lowani, a Mbewe. Muphwa wanu ndi wachitatu pa onse. Abwere mwezi ukaoneka."

Ezekieli anafika kwa Kamphasa anthu ali kumudikira pansi pa mkuyu. Sanayambe ndi nkhani ya Filimoni. Anayamba ndi madengu, ndi luzi zitatu, ndi nkhokwe yodontha, ndi mlimi wopanda nsapato amene anaimiritsa mkulu wa sukulu. Anauzanso Dinnah kuti anapempha bungwe lisunge dzina la Lazarus kwa chaka china, ndipo linavomera, kotero kuti pafunika kulembera kalata kumigodi. Dinnah anagwedeza mutu, n'kunena kuti kalata imeneyo akaipereke yekha ku positi mwini denga.

Pomaliza anatembenukira kwa mlongo wake.

"Nambewe, mwana sakupita ku Halale."

Yunesi anaphimba nkhope ndi nsalu yake n'kulira, ndipo amayi anzake analulutira. Mbuzi yake inali m'khola, itaswa ana awiri. Mwezi utaoneka, Filimoni anatenga katundu yemwe uja anamanga wa ku Halale, bulangete, malaya awiri ndi buku la nyimbo, n'kulowera njira ya ku Mwalawoyera. Amayi ake anamuperekeza mpaka pamtsinje, ndipo anabwerera akuimba.

Phunziro la nkhaniyi ndi losabisika. Sukulu imene imayendetsedwa ndi msonkho wathu ndi thukuta lathu, kaya ndi ya m'mudzi kaya ndi ya maphunziro apamwamba, ndi yathu tonse. Malo ake sagulidwa ndi mbuzi kapena mphatso ina iliyonse. Kupereka kokha sikukwanira. Tiyenera kusankha poyera anthu otiimirira, kuwatuma kukafunsa mmene chuma chayendera, ndi kuwamva akabwera. Tikasiya mpando wathu wopanda munthu, chimanga chathu chidzapitabe, koma ana athu adzatsala. Kalata ikafika, itseguleni pamaso pa anthu.